Bowo la Pakona ya Ukonde

Chitseko analiona bowolo Lachisanu masana, akutambasula ukonde kuseri kwa chipinda chosungiramo mipira. Makoswe anali atachita zawo pakona yakumunsi, pomwe ukonde umakumana ndi chitsulo cha golo. Linali bowo loti mpira n'kudutsa bwinobwino osapempha njira. Mnyamatayo anagwira m'chiuno n'kutsonya. Aphunzitsi a zamasewero anamuuza kumayambiriro kwa sabata kuti ayendere maukonde onse awiri, koma iye ankangoti mawa, mawa. Tsopano masewero anali atafika pakhomo.

Chitseko anali goloboyi wa timu ya sekondale ya m'tauni mwawo. Dzinali anam'patsa anzake chifukwa akaima pagolo zinkakhala ngati wina watseka n'kuponya kiyi m'thumba. Kutsidya kwa mlatho kunali tauni ina, nayonso ndi sekondale yake, ndipo masukulu awiriwa sankamwerana madzi pa nkhani ya mpira. Chikho analibe. Chimene ankalimbirana chaka ndi chaka chinali maukonde awiri a pagolo, amene ophunzira akale anagulira masukulu onse awiri kalekale. Opambana ankawatenga n'kukhala nawo chaka chathunthu. Akafanana mphamvu, maukonde ankatsala kumene ali. Ogonja ankasewera chaka chonse ndi zitsulo zokhazokha, n'kumathamangira mpira m'ngalande nthawi iliyonse wina akagoletsa. Ndipo kusamalira maukondewo inali ntchito ya goloboyi, osati ya wina aliyense.

"Chitseko! Ukuwerenga mabowo a ukondewo kapena?" anafuula Kaputeni ali pabwalo. "Bwera tiyese mapenate, dzuwa likupita!"

Singano yaikulu ndi chingwe zinali kuofesi ya aphunzitsi, ndipo kukazitenga kunali kukadziulula yekha kuti sanagwire ntchito. Chitseko anatola sokosi yakutha, n'kung'amba kansalu, n'kumanga bowolo mfundo ziwiri. Kuliona uli patali, linkaoneka labwino ndithu. Anathamangira kubwalo mtima uli m'malo.

Kunyumba nako mpira unali utayamba kale. Bambo ake anaphunzira kutsidya, mayi ake kuno, ndipo sabata ya masewero inkakhala yosekana basi. Anapeza bambo akusita malaya awo obiriwira, amene mimba inali itawakana kalekale.

"Wabwera mlonda wa maukonde athu," anatero bambo. "Mwatisungira bwino? Mawa tikubwera kudzatenga katundu wathu."

"Mudzatenga fumbi, ababa," anayankha Chitseko akuvula nsapato.

"Asiye alote," anatero mayi ali kukhitchini. "Ndipo inu, malayawo mukapuma mwamphamvu mabatani akavulaza ana a eni."

Onse anaseka mpaka bambo kupukuta misozi. Chitseko ankaikonda sabata imeneyi kuposa masabata onse a pachaka. Za bowo zinam'dutsa m'mutu kamodzi, iye n'kuzikankhira kumbali.

Loweruka kunacha bwino. Akutsidya anawoloka mlatho akuimba, atavala zobiriwira, ena atapachikana pa njinga atatuatatu. Akuno anavala zofiira n'kudzaza mbali ya kumakalasi. Ometa anatseka mashopu, ogulitsa nzimbe anasamukira kubwalo, ndipo ana anakwera m'mitengo mpaka nthambi kuwerama. Kutukwana kunalibe, koma kunyozana kokha kunali kwa mnanu.

"Mukabwerera wapansi ndi manja anu omwewo!" ankakuwa akuno.

"Masulani maukondewo msanga, tisachedwe ulendo!" ankabwezera akutsidya.

Chigawo choyamba Kaputeni anagoletsa ndi mutu, bwalo lonse n'kugwedezeka. Atangobwera kopuma akutsidya anabweza. Kuchokera pamenepo mpira unakhala kugolo kwa Chitseko, ndipo iye anagwira ntchito yoti ngakhale adani anaomba m'manja. Anauluka kumanja, anagwa kumanzere, anaulanda mpira pamapazi pa anthu. Amene ankam'vutitsa kwambiri anali kamnyamata kowonda ka kutsidya, kotchedwa Udzudzu. Ukakathamangitsa uku kankatulukira uko, ndipo sikankatopa.

Nthawi itatsala pang'ono kutha, zigoli zili chimodzi kwa chimodzi, akuno anayamba kale kuvina, poti kufanana mphamvu kunali kuwakwanira. Pamenepo Udzudzu anazemba oteteza kumbuyo awiri n'kumenya mpira wapansi, wamphamvu, wolunjika pakona. Chitseko anadziponya. Anamva mpira ukum'pala nsonga za zala, kenako anauona ndi maso ake ukudutsa mkati mwa chitsulo. Kansalu ka sokosi kanaduka, mpira n'kutulukira pabowo, n'kugubudukira kutchire kuseri kwa golo.

Fumbi linali koboo. Oimbira mpira anali kumbuyo kwa gulu la osewera, ndipo chimene anaona ndi mpira uli kunja, ukonde osagwedezeka n'komwe. Analoza pansi kuti goloboyi ayambitse masewero. Mbali yofiira inaphulika ndi chimwemwe. Udzudzu anathamangira oimbira manja ali m'mwamba.

"Walowa, bwana! Ndithu walowa!"

"Ukawonjezera mawu ndikupatsa kadi," anatero oimbira. "Mpira wolowa umapezeka kutchire?"

Anthu anaseka. Ngakhale anzake a Udzudzu anam'koka dzanja kuti asiye, poti nawonso sanaone bwino. Kamnyamatako kanayang'ana Chitseko, kenako kanatembenuka n'kumapita pakati pa bwalo kakupukuta m'maso ndi jezi.

Chitseko anapita kukatola mpira. Anautola n'kuima nawo m'manja. Akanangouika pansi n'kuumenya kutali, wezulo yomaliza ikanalira, ndipo iye akananyamulidwa pamapewa. Palibe akanadziwa. Koma bowolo silinabwere ndi mphepo. Anali iyeyo amene anamanga kansalu m'malo mosoka, ndipo tsopano ulesi wake unali utagwira mpira umene manja ake analephera kugwira. Anachita manyazi kwambiri, manyazi otentha kumaso. Chaka chonse anthu akanamam'tcha Chitseko, iye akudziwa kuti anapulumukira pa sokosi yakutha.

"Ukudikira chiyani?" anatero Kaputeni atam'yandikira, akupumira m'mwamba. "Menya mpirawo, tatha basi!"

"Unalowa, akulu."

"Ndani wakufunsa?" Kaputeni anatsitsa mawu. "Oimbira aweruza kale. Iwe ndiwe goloboyi, si iwe loya wa akutsidya. Ukufuna tikhale chaka chonse tikutola mpira m'ngalande?"

Chitseko anakweza dzanja n'kuitana oimbira. Bamboyo anabwera atakwinya nkhope, akuganiza kuti mnyamatayo akufuna kudya nthawi. Chitseko anagwada pakona, anaika mpira mkati mwa golo, n'kuukankha pang'ono. Unadutsa pabowo n'kukaima kunja.

"Unadutsa apa, bwana. Unandikhudza zala, ndinauona."

Oimbira anawerama, anagwira kansalu koduka kaja, n'kumuyang'ana mnyamatayo nthawi yaitali. "Ukudziwa chimene ukunena, mwana iwe?"

"Ndikudziwa, bwana."

Wezulo inalira, dzanja la oimbira n'kuloza pakati pa bwalo. Anthu anayang'anizana, osamvetsa. Kenako mbali yobiriwira inasefukira m'bwalo ngati madzi a mvula, ndipo panatenga nthawi kuti aphunzitsi awabweze. Mpira utayambanso sunakhalitse. Akutsidya anapambana zigoli ziwiri kwa chimodzi.

Mawu amene Chitseko anamva akutuluka m'bwalo sanali okoma. Wina anati wagulitsa timu. Wina anakuwa kuti bambo ake ndi akutsidya, nanga tinkayembekezera chiyani. Zimenezi zinam'pweteka kuposa zilonda za m'mawondo. Aphunzitsi a zamasewero anangom'patsa singano ndi chingwe, n'kunena kuti, "Zengerezu adalinda kwawukwawu. Za mlandu wakowu tikambirana Lolemba." Koma pochoka anam'gwira paphewa, ndipo dzanjalo linakhalitsa pang'ono.

Mwambo wake unali woti goloboyi wogonja amasule yekha maukonde n'kuwapereka m'manja mwa opambana. Chitseko anamasula woyamba n'kuupinda. Wachiwiri anauyala pa udzu, anakhala pansi n'kuyamba kusoka. Akutsidya anali atafola kale pamsewu, ng'oma zikulira.

"Tangotipatsani, achimwene," anatero Udzudzu, amene anatumidwa kudzatenga. "Tikasoka kwathu."

"Ayi. Sindingakupatseni wobooka. Dikira pang'ono."

Udzudzu anaima kanthawi akukanda m'mutu, kenako anakhala pansi n'kugwira mbali ina ya ukonde kuti ukungike. Bambo a Chitseko anafika malaya obiriwira ali paphewa, mabatani awiri atapita. Lero sananyoze. Anaima pambali n'kumauza aliyense wodutsa, ngakhale amene sanafunse, kuti, "Ameneyu ndi mwana wanga, uyu akusokayu."

Womaliza kubwera anali Kaputeni. Anaima pamwamba pawo nsapato zili m'khosi, nkhope ili gwa. Chitseko sanadzutse mutu. Ankadziwa kuti mnzakeyo chinali chaka chake chomaliza pasukulupo, ndipo sadzakhalanso ndi mwayi wina wowabweza maukondewo.

"Ndakukwiyira," anatero Kaputeni. "Usaganize kuti zatha. Mwina mpaka Lachitatu."

"Ndamva, akulu. Pepani."

Kaputeni anayang'ana mfundo zimene Chitseko ankamanga n'kupukusa mutu. Anaponya nsapato pansi, anagwada, n'kumulanda singano.

"Kugwira mpira umatha, koma kusoka ayi. Mfundo zotere makoswe a kutsidya akadya tsiku limodzi." Analowetsa chingwe n'kukoka mwamphamvu, kenako analoza Udzudzu ndi singanoyo. "Iwe kamwana, mukausunge pouma. Takubwerekani chabe. Chaka chamawa uyu akubwera kudzautenga, ndipo akadzapeza bowo mudzatiuza bwino."

Udzudzu anaseka, Chitseko nayenso anaseka, koyamba chilirire wezulo. Atamaliza anaupinda ukondewo atatu onse, n'kuunyamula limodzi mpaka pamlatho.