Phazi la Ababa ndi Matayala Anayi

Panali kamtsikana kotchedwa Kafunsefunse. Pakamwa pake sipankatha mafunso.

Tsiku lina Amayi ankatuluka m'chipatala. Anali ndi khanda latsopano. Kafunsefunse ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna khanda lifike kunyumba osalira.

Ababa anatulutsa galimoto. Iwo ankayeza matayala ndi phazi. Anamenya tayala theche. Gu!

"Lili bwino," anatero Ababa.

"Phazi limadziwa bwanji, Ababa?"

"Phazi langa silinama, mwanawe."

Ananyamuka kupita kuchipatala kukatenga Amayi. Koma galimoto inkakokera kumanzere. Ababa akuti kumanja, iyo kumanzere! Tayala limodzi linali lofewa ngati nthochi yakupsa.

Ababa anatenga pampu. Anapopa. Anapopanso. Anapopa onse anayi, thukuta lili kamukamu. Gu!

"Tsopano ali gwa!" anatero Ababa.

Ananyamukanso. Galimoto inayamba kudumpha ngati chule. Chipewa cha Ababa chinagwa. Mano a Kafunsefunse ankagundana. Mtima wake unadzaza mantha.

"Ababa, khanda lidzadumphanso chonchi?"

Ababa anakhotetsa galimoto. Anaima kwa amakaniko okonza matayala.

"Amakaniko," anafunsa Kafunsefunse, "tayala limafuna mpweya wochuluka bwanji?"

Amakaniko anatsegula chitseko cha woyendetsa. Pamenepo panali kapepala komata.

"Nambala ili apa. Werenga, mwanawe."

Kafunsefunse anawerenga mokweza. Amakaniko anatenga geji yoyezera mpweya. Anayeza. Anaseka mpaka misozi.

"Bambo, mumafuna kuuluka?"

Anatulutsa mpweya pang'onopang'ono. Psii! Kafunsefunse anayang'anitsitsa geji. Nambala ija itakwana, anakuwa, "Basi!"

Psii! "Basi!" Psii! "Basi!" Psii! "Basi!"

Matayala onse anayi anakhala bwino. Sanali ofewa. Sanali gwa.

Kuchipatala, Amayi anakwera ndi khanda. Galimoto sinakokere kumanzere. Sinadumphe ngati chule. Inkangoyenda myaa. Khanda linagona tulo tokoma. Kafunsefunse sanafunse funso ngakhale limodzi.

Atafika kunyumba, Amayi anamwetulira.

"Lero mwayendetsa bwino, bambo ake."

Ababa anatukumula chifuwa. Anayandikira tayala. Anakweza phazi.

Kafunsefunse anagwira buluku la Ababa.

"Shii, Ababa," ananong'ona. "Khanda lagona. Phazi nalo ligone."

Ababa anatsitsa phazi pang'onopang'ono. Ndipo khanda silinadzuke.