Tsitsi Pansi pa Makina Osokera

M'mawa wina Nasingano atatsegula shopu yake anapeza tsitsi pansi. Silinali lambiri ayi, kanali kamulu kakang'ono kuseri kwa mwendo wa makina osokera, pamene tsache silifika bwino. Anagwada n'kulitola ndi kansalu. Linali tsitsi la munthu, lalifupi, lodulidwa mosamala, ndipo mkati mwake munali imvi zingapo.

Dzina loti Nasingano anamupatsa ndi mwamuna wake, chifukwa chilowereni m'banja bamboyo anali atakhalirapo singano pampando, pabedi ngakhale m'galimoto. Awiriwa anali alendo m'dzikomo. Mwamuna ankayendetsa galimoto yogawa buledi m'masitolo, mkazi ankasokera anthu patebulo lodyera, ndipo chilankhulo cha kumeneko onse ankachigwira m'mphepete ngati mbale yotentha.

Shopuyo anaipeza kudzera mwa munthu wina amene anthu ochokera kwawo ankangomutchula kuti a Makiyi, poti palamba pake pankalendewera mulu wa makiyi olira ngati mabelu. Anali munthu wa suti yosalala ndi mafuta onunkhira, wodziwa kupereka moni m'zilankhulo za alendo onse. Anati iye ndiye woyang'anira nyumbayo chifukwa mwini wake amakhala kutali. Lendi inali yotsika modabwitsa. Nasingano atafunsa za kusainirana, a Makiyi anagwira pamtima n'kunena kuti mapepala ndi a anthu osakhulupirirana. Malamulo anali ochepa: azitseka dzuwa lisanalowe, ndiponso asakhudze kabati yaitali yokhoma imene inali pakona, popeza munali katundu wa munthu amene ankachita lendi kale, yemwe anamwalira. Chimwemwe chinamukulira mayiyo moti sanafunse kuti mwini nyumbayo dzina lake ndani.

Madzulo anaonetsa mwamuna wake tsitsi lija.

"Makina anuwa akula, a Nasingano," anatero bamboyo akutafuna. "Ayamba kumera ndevu, ndiye akumadzimeta okha usiku."

Anaseka onse awiri, nkhani n'kuthera pomwepo.

Koma m'mawa wotsatira tsitsi linalipo, ndipo m'shopumo munali fungo lachilendo, la sipiriti losakanikirana ndi paudala, longa la m'chipinda chimene asambitsiramo wodwala. Mpando wa makasitomala, umene iye ankausiya pafupi ndi khomo, unali pakati pa chipinda utayang'ana khoma lopanda kanthu. Pakhomapo panali msomali umene anali asanauonepo.

Masiku amenewo Nasingano ankasoka diresi laukwati, ntchito yaikulu yoyamba chitsegulireni shopu. Linkakhala pachidole choyezerapo zovala, chija chopanda mutu, ndipo tsiku lililonse ankawonjezerapo kenakake. Tsono m'mawa wina anapeza chidolecho chitatembenuzidwa, chikuyang'ana kukona ngati mwana amene wapatsidwa chilango. Anachibweza m'malo mwake. M'mawa mwake chinali chitayang'ananso kukona, ndipo ulendo uno chinali chitafunditsidwa nsalu. Kenako nsalu yake ina yoyera inasowa pashelefu, n'kudzapezeka patapita masiku itapindidwa bwinobwino, yodzaza timatsitsi, pakona pake pali kadontho ka magazi ouma.

Pamwamba pa shopuyo pankakhala mayi wina wokalamba, woyenda ndi ndodo, amene kukada sankatsika masitepe. Nasingano anakamufunsa ndi mawu ake ochepa aja, manja akuthandizira. Mayiyo anatseka maso, n'kulira m'mphuno ngati njuchi, akuloza pansi. Anati phokosolo limayamba anthu akagona, limasiya, limayambanso, ndipo nthawi zina pamamveka mawu a mwamuna akulankhula yekha motsitsa ngati akupepesa munthu.

Nkhaniyo inathamanga pakati pa amayi ochokera kwawo. Ena ankati pali telala wina wansanje amene akumuyendera usiku. Ena ankati tsitsi la munthu silibwera lokha pamalo a ntchito, alipo walituma. Mayi wina anabwera kudzatenga nsalu yake isanasokedwe, akuti wasintha maganizo, koma anakana kulowa, anailandirira pakhomo. Choopsa kwambiri, mayi ake a mkwatibwi anatumiza mawu oti mwana wawo sangavale chovala chogona ndi mizimu, ndipo zikapitirira adzatenga diresilo momwe lilili.

A Makiyi atamva anagwetsa nkhope, n'kuyang'ana kabati ija, kenako anasendera pafupi.

"Malemu aja anali ndi tsitsi ngati limeneli," ananong'ona. "Musakhale muno kukada, mayi. Ndikudziwa munthu wodziwa kuyeretsa nyumba, kungoti ntchito yake ndi yolipira."

Usiku umenewo Nasingano sanadye. Mwamuna wake anamuyang'ana kwa nthawi, nthabwala zitamuthera, kenako anaika supuni pansi.

"Ine pali chimodzi chikundivuta," anatero. "Mzimu wanji wopinda nsalu? Ine wamoyo ndakanika kuphunzira zaka zonsezi. Mawa tikagone komweko tikauone."

Anapitadi. Dzuwa litalowa anazimitsa magetsi, anadzikhomera mkati, n'kukhala pansi kuseri kwa katani ya poyezera zovala. Bamboyo anatenga sipanala yaikulu ya matayala, fulasiki ya tiyi ndi buledi, ati mzimuwo ukakhala waulemu aupatse tiyi, ukakhala wamwano aupatse sipanala. Kunkazizira, ndipo Nasingano anakoka nsalu yoyera pashelefu n'kudzifunditsa kuyambira kumutu.

Mdima wa m'shopumo unali wina, wosiyana ndi wa kunyumba. Kuwala kwa nyale ya mumsewu kunkalowa pang'ono pansi pa chitseko, kukafika pamiyendo ya makina n'kuthera pomwepo, ndipo diresi lija linkaoneka ngati munthu waima chilili akudikira kuti wina ayambe kulankhula. Paipi ina m'khoma inkadontha. Pamwamba, ndodo ya mayi wokalamba inagogoda kupita uku ndi uku, kenako inaleka. Mabasi anachepa mumsewu mpaka anatheratu. Nasingano anazindikira kuti dzanja la mwamuna wake, ngakhale pakamwa pake panali nthabwala, linali lonyowa ndi thukuta.

Kenako kiyi inalowa m'loko.

Inazungulira pang'onopang'ono, ngati woizunguzayo sakufuna kudzutsa munthu. Chitseko chinalira, mphepo yozizira inagwedeza katani, ndipo kadontho ka kuwala kwa tochi kanayenda pansi mpaka kukaima pa mpendero wa diresi. Kanakwera, kakunjenjemera. Pamenepo kunamveka mawu a mwamuna, otsika kwambiri, ndipo chimene chinaumitsa Nasingano n'chakuti mawuwo anali a chilankhulo cha kwawo.

"Zikomo amayi, ndabweranso," anatero mawuwo. "Ine ndi uja wa masiku onse. Ndikungofuna ana adye, tisayambane." Tochi inaima paphewa la diresi. "Ha, mwaikanso mkono winawu. Mwasoka bwino, amayi, dzanja lanu silinafe ayi. Tsono ndikutembenuzeniko pang'ono, makasitomala anga amaopa."

Katani inayamba kugwedezeka. Anali mwamuna wa Nasingano, atadziluma mkono, mapewa akudumphadumpha ndi kuseka kosatuluka. Koma Nasingano ataona manja achilendo akugwira diresi lake, mantha onse anathawa, panatsala ukali wa telala. Anadzuka n'kukankha katani, ataiwala kuti wafunda nsalu yoyera.

"Lisiyeni diresilo," anatero.

Tochi inagwa. Munthuyo anabwerera chafutambuyo, n'kukhala m'dengu la zidutswa za nsalu, miyendo m'mwamba.

"Mayo ine! Sindinalidetse, amayi, ndimasamba m'manja. Nsalu ija ndinangobwereka, ndinabweza. Ndili ndi ana ang'onoang'ono."

Mwamuna wa Nasingano anakwawa mpaka pa swichi, misozi ili mbwee, n'kuyatsa magetsi. M'dengumo munali bambo wochepa thupi, wa jekete lalikulu, atatseka maso mwamphamvu, chikwama chili pamtima.

"Tsegulani maso, achimwene," anatero mwamuna wa Nasingano. "Mzimu umenewu ndimagona nawo nyumba imodzi. Ukali ulipo, koma sudya anthu."

Panatenga makapu angapo a tiyi kuti bambo wa m'dengu uja asiye kunjenjemera. Anali wometa. Anatsegula kabati ya malemu ija ndi kiyi yake, ndipo munali galasi lalikulu lopachika pamsomali uja, makina ometera, botolo la sipiriti ndi paudala. A Makiyi anamuchititsa lendi shopu yomweyo, n'kumuuza kuti masana nyumbayo saloledwa kutsegula, koma usiku ndi yake yense, zomwe zinamukomera poti makasitomala ake anali oyendetsa matakisi ndi ogwira ntchito m'mafakitale, anthu oweruka ena atagona. Za makina osokera anamuuza kuti ndi a mayi wina telala amene anamwalira asanamalize diresi la mwana wake.

"Ndiye taganizani, amayi," anatero wometayo, kapu ili m'manja onse awiri. "Ndimabwera, diresi lilibe kolala. Mawa lake kolala ilipo. Mawa linalo mabatani. Ine kuonda konseku si njala ayi. Tsiku lina ndinacheka khutu la munthu chifukwa ndinaona ngati chidolechi chapumira."

Nasingano anaseka mpaka anakhala pansi, akupukuta maso ndi nsalu ya mzimu ija. Ali mkati moseka, pachitseko panagogoda kasitomala woyamba, ndipo onse atatu anadumpha.

Kutacha anakwera kwa mayi wokalamba uja kukafunsa funso limene aliyense wa iwo anayenera kufunsa pa tsiku loyamba: kodi iye lendi amapereka kwa yani? Mayiyo anawalozera nyumba ina kuseri kwa msewu womwewo. Mwini nyumba sankakhala kutali konse. Anali mkulu wina wamtali, wa chipewa chakuda ndi nkhope yosaseka, amene ankaganiza kuti shopu yake ndi yotseka, ikudikira kukonzedwa. A Makiyi anali munthu amene mkuluyo anamulemba ganyu yopaka penti, n'kumupatsa makiyi, penti osapaka.

Nasingano ndi wometa anapita kukamufotokozera mkuluyo zonse, ali ndi mantha. Analibe pepala lililonse, ndipo mwa lamulo onse awiri anali olowerera m'nyumba ya mwini. Mkuluyo anangoti adzabwera madzulo a tsiku limene a Makiyi amadzatenga lendi kwa wometa.

Tsikulo a Makiyi anafika akununkhira monga mwa masiku onse, makiyi akulira palamba. Wometa anawalandira ndi ulemu wonse, n'kuwauza kuti bwana ngati iwo sayenera kuyenda ndi tsitsi lotere, akhale pampando awakonze mwaulere. A Makiyi zaulere sankakana. Anakhala, anamangidwa nsalu m'khosi, anatseka maso, makina n'kuyamba kulira. Wometa anayambira pachipumi n'kutsetsereka mpaka kunkhongo, mbali imodzi yokha, mpaka inawala ngati dzira. Atatero anazimitsa makina.

"Amayi amene anamwalira aja akuti akupatseni moni," anatero.

A Makiyi anatsegula maso. M'galasi anaona theka la mutu wawo, kumbuyo kwake Nasingano atapinda manja, pambali pake mwamuna wake, mwini nyumba ndi wapolisi. Anayesa kudzuka, koma nsalu ya m'khosi ija Nasingano anali ataisokerera kumpando. Wapolisiyo anayesetsa kuumitsa nkhope pomutulutsa, koma atafika pakhomo anagonja, ndipo kuseka kwake kunamveka mpaka galimoto itakhota.

M'shopu munatsala anthu anayi okha. Mwini nyumba anayendayenda, manja kumbuyo. Anayang'ana makoma amene Nasingano anatsuka, loko imene wometa anathira mafuta, mashelefu amene mwamuna wa Nasingano anakhoma. Nasingano anali atayamba kale kuganiza za mmene makina ake adzakwerere m'galimoto ya buledi kubwerera patebulo lodyera.

Mkuluyo analankhula pang'onopang'ono kuti amve. Anati mawa onse awiri apite kunyumba kwake ndi munthu wodziwa bwino chilankhulo, akawerenge pangano liwu ndi liwu, akasaine pamaso pa mboni, ndipo aone ndi maso awo chikalata chosonyeza kuti nyumbayo ndi yakedi. Shopuyo aigawane, wina mbali iyi wina mbali iyo, masana, chitseko chili chotsegula ngati anthu.

Atatero anavula jekete lake, n'kuonetsa Nasingano thumba lobooka limene linkamutayitsa magalasi, ndipo analipereka m'manja mwake. Kenako anakhala pampando wa wometa, anadziyang'ana pagalasi ndi nkhope yake yosaseka ija, n'kuvula chipewa.

Mutu wonse unali dazi lokhalokha, losalala, lopanda ngakhale katsitsi kamodzi kosochera.

Wometa anaima ndi makina m'manja, akuyang'ana dazilo, akuyang'ana Nasingano, osadziwa poyambira.

"Mungochepetsa pang'ono m'mbalimu," anatero mkuluyo. "Pamwambapa musakhudze, ndikusunga."