Magazi a kwa Adija

Adija anakumana ndi Twalibu tsiku limene anayamba ntchito pa famu ya abakha kuseri kwa Etwatwa, ku Joni. Twalibu ndiye ankasankha abakha a mbewu. Ankafinya chidali cha bakha ngati mayi wosankha mapeyala pamsika.

"Achemwali, tagwirani apa," anatero Twalibu. "Awiriwa amadya chakudya chimodzi, koma uyu wadzaza mnofu, uyu ndi mafupa okhaokha. Nkhani ili m'magazi a makolo. Chakudya chimangothandizira."

"Nanga wowondayu?"

"Apita kokaphedwa. Bwana safuna kuti aswe ana onga iye."

Adija anaseka. Akanadziwa, mwana wa eni!

Mwezi usanathe, foni yake sinkapumanso ndi mauthenga a Twalibu. "Duwa langa la ku Mangochi, Joni yonse ndaizungulira, wonga iwe palibe." Tsiku lina: "Disembala tikwera basi imodzi, ndikaonekere kwa akwanu. Ndi iwe mpaka imfa, wapamtima."

Ndi mtsikana uti amene sakanagwa nawo mawu otere? Adija anagwa chagada.

Lamlungu lina akumwa tiyi kuchipinda kwa Adija, mayi ake anaimba foni ya vidiyo. Pambali pawo panali mlongo wake wa Adija, Tahiru, atakhala pamphasa, miyendo itafota. Twalibu anawalonjera mwaulemu. Foni itadulidwa, anafunsa.

"Anayamba liti alamuwa?"

"Ali mwana. Minofu inangoyamba kutha mphamvu. Alongo awo a mayi anamwaliranso ndi matenda omwewa."

"Alongo awo a mayi ako?"

"Eya, bebi. Bwanji?"

Twalibu anayang'ana kumbali. Tiyi wake anazizira m'kapu.

Kuyambira pamenepo mauthenga anayamba kufupika, kenako anauma. Adija anaimba, analira, anasiya kudya. Kodi analakwanji? Kunena zoona kwa munthu amene umamukonda ndi mlandu?

Yankho linamupeza ali mu tekisi popita kuntchito. "Adija, ndikhululukire. Ntchito yanga yandiphunzitsa kuti za m'magazi sizithawika. Ine ndikufuna ana oyenda. Akwathu andipezera wina ku Tembisa."

Anawerenga mpaka zilembo zinasungunuka ndi misozi. Mtima unamuwawa koopsa, koma kusiya ntchito sakanatha. Mankhwala a Tahiru akanagula ndani?

M'mawa umenewo kunali kusankha abakha. Twalibu anaima pakhomo la khola, maso pansi, Adija pambali pake kulandira okanidwa. Anafinya bakha wamkazi woyera bwino, wa maso owala, koma wochepa chidali.

"Uyu ayi," anatero Twalibu.

"Walakwanji?" Adija anafunsa. "Anadzisankhira yekha makolo?"

"Usandivute, Adija. Anthu akutiona."

Adija anamulandira bakhayo n'kumukumbatira. Kamtima kake kankagunda mofulumira m'manja mwake. Anayenda naye pang'onopang'ono mpaka pa kireti ya opita kokaphedwa, ndipo anatseka chitseko ndi manja ake omwe.