Mphukira Zam'mbali

Anzake a ku yunivesite ankamutchula kuti Manyowa, chifukwa zikhadabo zake sizinkayera ngakhale azikweche bwanji. Pa maphunziro awo a kalimidwe ka maluwa, kamangidwe kake ndi bizinesi, panalibe womuposa pa za dothi. Akagwira mbande yofota, inkadzuka. Koma ankagona m'kachipinda kodontha kuseri kwa galaja, ndipo nsapato zake zinali zomwezo chiyambire chaka choyamba.

Chaka chomaliza, mphunzitsi wa bizinesi analamula kuti wophunzira aliyense atsegule kamalonda ka maluwa n'kukayendetsa miyezi itatu. Malikisi adzachokera kwa ogula, osati papepala. Manyowa anaika tebulo lake pakhonde la sitolo ina. M'mawa maluwa ake ankakopa maso, koma dzuwa likafika pamutu ankazyolika, poti analibe firiji. Tsidya la msewu, mnzake wa m'kalasi wochokera kubanja lopata ankagulitsa maluwa osafika n'komwe pa ake, koma ali m'galasi lozizira, ndipo magalimoto ankaima kumeneko. Madzulo Manyowa ankasenza mitolo yake kukataya kudzala. Nsanje inamumera mumtima ngati kaufiti m'munda.

Mayi wina wogulitsa miphika yodzalamo maluwa ndiye anamulozera njira ya kwa sing'anga wina. Sing'angayo sanali wa nthenga kumutu ayi. Ankakhala m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya utoto, ndipo Manyowa anamupeza masana atavala shati yosita, akusenda lalanje.

"Khala, wamaluwa," anatero sing'angayo osadikira moni. "Tandiuza. Mukafuna duwa limodzi lalikulu patsinde, kusukulu kwanuko amati muzitani?"

"Timatsina mphukira zam'mbali, bambo, kuti chakudya chonse chizipita kumtunda."

"Basi, mankhwala ukuwadziwa kale. Ine ndingokupatsa mbewu."

Anatulutsa kachomera ka masamba akuda, kodzalidwa m'chitini.

"Ukaike pomwe ukugulitsira. Maluwa ako sadzafota, ndipo wodutsa aliyense adzaima. Koma kakatulutsa mphukira m'mbali, uitsine dzuwa lisanalowe, ukutchula munthu amene amakukonda."

"Ndiye afe?"

Sing'angayo analavulira njere m'dzanja. "Ukundiona ngati chigawenga? Safa. Azidya, azinenepa, aziseka. Kungoti sadzakhalanso pa tsinde lako."

"Nanga ndikapanda kutsina?"

"Wamaluwa ndiwe. Usandifunse zomwe ukuzidziwa."

Ena amati maluwa a Manyowa anayamba kuwala ngati nyali, koma kumeneko n'kukokomeza. Chomwe anthu anaona n'chakuti ankatha milungu itatu ali chilili. Amahotela anayamba kumufuna, okonza maukwati chimodzimodzi. Anakhoza kuposa kalasi yonse, ndipo chaka chisanathe anali ndi sitolo yakeyake, galimoto ndi antchito asanu.

Mphukira yoyamba itatuluka, anasankha mochenjera. Anatchula mphunzitsi wake wa za dothi, mkulu amene ankamutenga ngati mwana wake. Atakumana naye pakhonde la kalasi m'mawa mwake, mkuluyo anamwetulira mwaulemu. "Pepani achimwene, muli chaka chanji?" Manyowa zinamulasa, koma anadzitonthoza kuti sukulu inali ikutha kale.

Kenako anatchula anzake, mmodzimmodzi. Kenako chibwenzi chake, chimene tsiku lotsatira chinamudutsa pamsewu ngati mtengo wamagetsi. Mphukira zinayamba kubwera pafupipafupi. Anayesa kutchula antchito ake ndi makasitomala omwe ankamuitana kumaphwando, koma m'mawa ankapeza mphukira yaphukanso pamalo pomwepo. Kachomerako kankadziwa kusiyanitsa chikondi ndi ulemu.

Atatchula mlongo wake, anapirira mlungu umodzi, n'kunyamula mtolo wa marozi kupita kunyumba kwa mlongoyo.

"Sitigula maluwa kuno, bambo," anatero mlongoyo ali pakhomo. "Yesani nyumba yachitatu, kuli ukwati."

"Achemwali, ndine."

"Achemwali anu ndani? Chonde, ana akuchita mantha."

Kuyambira pamenepo ankadya yekha m'sitolo, atakhala pakati pa ndowa za maluwa. Foni yake inkalira tsiku lonse, koma onse anali ofuna maluwa. Munthu mmodzi yekha ndiye ankaimbabe osafuna kanthu.

Mphukira ina inatuluka tsiku limene ankakonzekera ukwati wa mwana wa mwini hotela, ntchito yaikulu kuposa zonse zomwe anagwirapo. Anaisiya mpaka masana. Pofika chakumadzulo, maluwa onse m'sitolo anayamba kuweramitsa mitu, ngakhale a mufiriji. Antchito ankangoyang'anana. Foni inalira.

"Mwanawe, wadya?" anafunsa mayi ake. "Mawu akowo sakundisangalatsa. Ukudwala?"

"Ndili bwino, amayi."

"Bodza sulitha iwe. Bwera udzapume masiku awiri, maluwawo sathawa."

Manyowa anadula foni. Anaima pa kachomerako nthawi yaitali, akumva antchito akunong'onezana kuseri kwa chitseko. Dzuwa litatsala pang'ono, anatsina.

Ukwati unayenda bwino kwambiri. Utatha anapita kwa mayi ake. Mayiwo anamulandira monga amalandirira mlendo aliyense: anamupatsa mpando ndi madzi akumwa.

"Mwasochera kapena, bambo? Mukuoneka munthu waulemu. Amayi anu ali ndi mwayi. Ine ndinabereka mmodzi yekha, wamkazi."

Manyowa anamwa madziwo, nathokoza, nachoka.

Patapita mwezi, mphukira inatulukanso. Anakwera masitepe a pamwamba pa sitolo ya utoto, kachomera kali m'manja.

"Palibe wotsala, bambo. Tengani chinthu chanu."

"Changa? Wachithirira ndiwe, wachidyetsa ndiwe," anatero sing'angayo. "Ndipo usandinamize. Alipo mmodzi wotsala, amene wakukonda kuposa onsewo. Anapereka ngakhale amayi ake chifukwa cha iwe."

Tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, Manyowa anatsina mphukira ija akutchula dzina lake lenileni.

Antchito anamupeza m'mawa atakhala pansi, akuwafunsa mwaulemu kuti mwini sitoloyo afika nthawi yanji. Anamutengera kuchipatala, nalengeza kuti abale ake abwere. Panadutsa miyezi, osabwera ndi mmodzi yemwe. Sitolo inatsekedwa, maluwa anaolera m'ndowa. Masiku ano amayendayenda m'misewu, atavala nsanza, ndipo akafika pa mpanda wa maluwa amaima n'kuyamba kuukonza mwaluso. Eni nyumba ena amamuthamangitsa, ena amamusiya poti ntchito yake ndi yabwino. Akamufunsa kwawo, amangoyang'ana manja ake.

Umphawi umawawa, ndipo wonena kuti suwawa sanaulawe. Koma Manyowa ali wosauka anali ndi anthu omufunsa ngati wadya. Dyera limayamba ndi kukulanda amene ukuganiza kuti ungakhale popanda iwo, ndipo silikhuta mpaka litadya mwini wake.