Jekete la Pa Mpando Wakumbuyo

"Tawerenganinso."

"Ndawerenga katatu. Mitu khumi ndi inayi."

"Inayi yachokera kuti? Tanyamuka m'mawa ndi anthu khumi ndi atatu. Kapena wina waberekera m'galimoto muno?"

Ankafunsawo anali mkazi wa dalaivala, ataima pakhomo la minibasi, pepala la mayina lili m'manja. Mwamuna wawo aliyense ankangomutchula kuti a Takwana. Loweruka lililonse awiriwa ankanyamula anthu a mumzinda otopa ndi maofesi, n'kukawazungulitsa m'matauni ang'onoang'ono anayi a kumidzi: ya msika wa zoumba, ya siteshoni imene sitima inaleka kuimapo, ya tchalitchi cha miyala, ndi yomaliza ya pamathithi. Anthuwo ankakondwa kwambiri kujambula nyumba zimene eni ake ankalota kuzithawa. Dzuwa likamalowa ankakhala ali pa ulendo wobwerera kwawo.

Dzina la a Takwana linachokera pa kagwiridwe kawo ka ntchito. Asanachoke pamalo alionse ankaima pakhomo, kuloza mutu uliwonse ndi kiyi wa galimoto, n'kukuwa kuti, "Takwana!" Akatero mkazi wawo ankakoka chitseko n'kukhala pa mpando wa pakhomo pomwepo. Mipando ya kutsogolo inali ya mabokosi a zakumwa.

Tsiku limeneli, pa tauni ya pamathithi, masamu anakana. Poitana mayina ankayankha anthu khumi ndi atatu. Atawatsitsa onse n'kuwakweza mmodzimmodzi, anadutsa pakhomo khumi ndi atatu. Atakhala pansi, kiyi analoza mitu khumi ndi inayi. Mpando wakumbuyo ndi umene unkasokoneza: ukauyang'ana unali ndi anthu atatu, ukauwerenga anali anayi.

"Adalaivala," anatero bambo wina wa chipewa chachikulu amene anakhala akuseketsa anthu tsiku lonse, "mwina mukuwerenga ndi mimba ya achimwene awa. Imeneyi ndi munthu payokha."

Anthu anaseka. Nesi amene anakhala pakati anati kunja kukuda, ana ake ali okha.

"Tiyeni, abambo," anatero mkazi wa a Takwana motsitsa mawu. "Kuchuluka si mlandu. Mlandu ndi kuperewera."

A Takwana anamuyang'ana ngati wawaponda pachilonda. Anazungulira galimoto, kukhala pachiwongolero, n'kuliza injini. Kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya maulendowa, mawu awo aja sanawanene.

Panali kanthu kena ka maulendowa kamene munthu wokonda kufunsa akanakafunsa. Ukachoka pamathithi n'kuyenda makilomita asanu ndi awiri, msewu umagawikana. Wakumanzere ndi wowongoka, umatsikira ku mlatho wachitsulo, ndipo mphindi makumi awiri zokha wafika pa tala. Wakumanja umakwera phiri, ola lathunthu la mabampu. A Takwana ankadzera wa kuphiri, ati chifukwa cha kukongola kwa malo. Kukongolako palibe anakuonapo, poti pofika kumeneko aliyense ankakhala atagona, pakamwa pali yasa. Zaka zisanu ndi ziwiri tayala lawo linali lisanapondepo pa mlatho uja.

Pamphambano penipenipo injini inatsokomola n'kuzima. Nthunzi inatuluka pansi pa mpando wa dalaivala. Rediyeta inali gwa, yopanda dontho.

"Madzi alipo?" anafunsa a Takwana.

Mabotolo onse a madzi anali atamwedwa. Wa chipewa uja anati athiremo zakumwa zotsekemera, galimoto nayonso isangalale ndi ulendo. Panalibe nyumba pafupi. Kuphiri kunalibe ngakhale chithaphwi. Chikwangwani cha dzimbiri chinkanena zimene a Takwana ankadziwa kale: mtsinje, makilomita awiri, kumanzere.

Palibe anadzipereka kuwaperekeza. Anthu amene anabwera kudzaona kumudzi anali atakuona mokwanira. A Takwana anatenga chigubu, kuzula kiyi, kumuponya m'thumba la buluku.

"Musatsike," anatero. "Ndibwera pompano."

Mkazi wawo anayang'anitsitsa msewu wakumanzere.

Poyamba kunali kowala pang'ono, kuwala kotsalira kofiirira kumene alendo awo ankakonda kujambula. Msewu unkatsika pakati pa mitengo italiitali. Udzu unali utadya m'mphepete monse. A Takwana ankayenda mofulumira, chigubu chikugunda bondo, akudziuza kuti mlatho ndi zitsulo chabe, ndipo zitsulo sizisunga mangawa. Anayesa kuimba likhweru. Linakana kulira. Atatembenuka, minibasi inali itabisika kuseri kwa khona la msewu.

Mphepo yozizira inakwera kuchokera kumtsinje. Kenako mdima.

Anayatsa tochi ya pafoni. Kuwalako kunkangofika pa nsapato zawo.

Ndipo anamva likhweru. Silinali lawo. Linali laling'ono, lotalika, longa la ketulo ikamayamba kuwira. Linkalowa... linkatuluka... linkalowa.

Linali kumbuyo kwawo.

Anawonjezera liwiro. Likhweru nalo linasendera. Panamveka nsapato, zoyenda mokoka, za munthu amene wachokera kutali.

"Madzulo abwino, adalaivala."

Munthuyo anali kale pambali pawo. Bambo wachikulire, wowonda, wa magalasi. Shati yoyera ya manja aafupi, kuzizira konseko. Pakhosi panalendewera kamera yakale ya lamba wachikopa. Likhweru lija linkachokera m'chifuwa mwake.

A Takwana anamuyang'anitsitsa. Anali asanamuuze kuti ndi dalaivala. Kiyi anali m'thumba.

"Madzulo abwino, akulu. Ulendo wa kuti mdima uno?"

"Ndikutsatira galimoto. Yandisiya."

"Pepani."

"Ndimangoti ndijambule mathithi komaliza. Dzuwa linagwa bwino pamadzi."

Anayenda. Nsapato zinayi, mthunzi umodzi pa kuwala kwa foni.

"Jekete langa latsala pa mpando wakumbuyo," anatero munthuyo, akupuma pakati pa mawu. "Cha kuwindo. M'thumba lakumanzere muli kanthu kanga."

A Takwana anapitiriza kuyenda, maso ali kutsogolo.

"Lero mwawerenga bwino. Katatu konse."

Miyendo inkayenda yokha. Mutu unabwerera m'mbuyo zaka zisanu ndi ziwiri, Loweruka ngati lomweli. Panali mphunzitsi wopuma pantchito amene ankachedwa paliponse. Pa msika wa zoumba anamudikira. Pa siteshoni anamudikira. Pa tchalitchi anamuimbira hutala mpaka anthu a m'tauniyo anatuluka m'nyumba. Pamathithi okwera anayamba kung'ung'udza. A Takwana anaima pakhomo n'kuwerenga: khumi, khumi ndi mmodzi, khumi ndi awiri. Kiyi anaima m'malere, akuloza jekete la mizeremizere yofiirira pa mpando wopanda munthu.

Sanalakwitse masamu. Masamu ankawadziwa.

"Takwana!" anakuwa tsiku limenelo. Mumtima anati aphunzitsiwo aphunzireko nawo kusunga nthawi, adzakwera ya mawa. Anauza okwerawo kuti mkuluyo wasankha kugona konko.

"Makilomita asanu ndi anayi," anatero wa kamera uja pambali pawo. "Ndinawerenga. Inenso ndimadziwa kuwerenga."

Mlatho unatulukira mumdima. Zitsulo zakuda. Pansi madzi akulira.

A Takwana anapatuka, kutsetsereka pa chigwembe, kugwa chagada, kudzuka. Anamiza chigubu m'madzi. Chinkameza pang'onopang'ono: gubu... gubu... gubu... ngati munthu wosowa mpweya. Anapemphera kuti chidzaze. Anapemphera kuti asayang'ane kumwamba.

Anayang'ana.

Munthu uja anali pamwamba pa mlatho, atatsamira chitsulo, kamera ili pamaso.

"Osasuntha."

Ng'ani!

Zonse zinayera. Mtsinje, miyala, manja awo. Kenako mdima wakuda kuposa woyamba.

Pamlatho panalibe munthu.

Likhweru linali litaleka. Zii. A Takwana anapuma mpweya waukulu wa munthu amene wapulumuka.

Mpweyawo unalira.

Anapumanso. Unaliranso. Laling'ono. Lotalika. Longa la ketulo...

Linali m'chifuwa mwawo!

Anakwawa chigwembe chija ndi maondo. Anathamanga. Chigubu chinkalemera, anachitaya. Msewu umene potsika unali waufupi tsopano unakana kutha. Chifuwa chinathina ngati wina wachimanga ndi lamba. Ndi lamba wachikopa. Anaima. Anagwira maondo. Anathamanganso. Mitengo. Udzu. Khona la msewu...

Magetsi ofiira a kumbuyo kwa minibasi anali akuyaka. Injini inkalira bwinobwino, ngati yatsopano.

Anakweza dzanja. Mawu sanatuluke. Koma patsogolopo mawu awo omwe, amphamvu, osangalala, anamveka mumdima monse:

"Takwana!"

Chitseko chinakokedwa. Magetsi ofiira anatembenukira kumanja n'kuyamba kukwera phiri.

M'galimotomo anthu anawomba m'manja. Mkazi wa dalaivala anali atatseka chitseko asanaganize n'komwe, poti dzanja lake linazolowera mawu amenewo. Anali atasinza pang'ono podikira, n'kudzidzimuka injini ikulira, munthu ali kale pachiwongolero.

"Mwachita changu, abambo," anatero. "Chigubu mwachiika kuti?"

Dalaivala sanatembenuke.

"Musiyeni, amayi," anatero wa chipewa. "Munthu watunga madzi a anthu khumi ndi anayi, mimba ya achimwene ikuwerengedwa."

Mayiyo anaseka nawo, ndipo pofuna kungodzitsimikizira anatembenuka n'kuwerenga ndi chala. Khumi ndi mmodzi, khumi ndi awiri, khumi ndi atatu. Anabwereza. Khumi ndi atatu. Mpando wakumbuyo unali ndi anthu atatu powayang'ana, atatu powawerenga. Cha kuwindo kunali malo a munthu mmodzi amene palibe anasenderapo.

Ndiye masamu atheka, anaganiza choncho. Wowonjezera uja wachoka kumbuyoko.

Kenako anamva fungo. La palafini ndi nsalu yopserera.

Anayang'ana msana wa dalaivala. Mwamuna wake anatsika atavala juzi yobiriwira. Uyu anavala jekete la mizeremizere yofiirira, kolala yake itapsa mbali imodzi.

Jeketelo ankalidziwa. Analitentha yekha kuseri kwa nyumba, Lamlungu lina zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, atangomva kuti okonza msewu apeza mphunzitsi wopuma pantchito atafa pa mlatho wachitsulo, kamera ili pachifuwa. Achipatala anati inali mphumu, ikanatha ndi kampope kamodzi kopopera m'kamwa. Apolisi atabwera, a Takwana anati mkuluyo anatsala yekha mwa kufuna kwake, ndipo mkazi wawo anaonetsa pepala la mayina, dzina limodzi atalikhwatcha ndi dzanja lake lomwe. Anakumbukanso kuti jekete likupsa, china chake chinaphulika m'thumba lakumanzere. Ku maliro sanapite. Loweruka lotsatira anayamba kudzera kuphiri.

Foni yake inalira. Pagalasi panalembedwa kuti Abambo.

Foniyo inagwapo m'madzi kalekale, ndipo kuyambira pamenepo inkayankhula mokweza basi. Choncho galimoto yonse inamva. Poyamba likhweru, laling'ono, lotalika. Kenako mawu odukaduka.

"Amayi... mwandisiya... bwererani... sindikutha... kiyi... kiyi ali ndi ine..."

Kuseka kunatha.

Nesi uja anaweramira kutsogolo, ntchito itamugwira asanamvetse china chilichonse. "Imeneyo ndi mphumu. Munthu ameneyo akufunika kampope pompano, apo ayi sakwanitsa ola. Ali kuti? Adalaivala, imani!"

Galimoto siinaime. Dzanja lamanzere la dalaivala linachoka pachiwongolero, lowonda, la khungu la nkhalamba. Linapisa m'thumba la jekete. Linatulutsa kampope kabuluu, kakuda mbali imodzi ndi mwaye, n'kukakweza pafupi ndi galasi loonera kumbuyo kuti aliyense akaone bwino. Kenako windo linatsika pang'ono. Kampopeko kanagwera mumdima, kutsetsereka ndi phiri.

Windo linakwera. Giya inalowa ina.

Pafoni likhweru linkatalikira, likuchepa. Mkazi wa a Takwana anagwira chogwirira cha chitseko chimene anatseka yekha. Sichinagwedezeke.

Wa chipewa anavula chipewa chake n'kuchiika pamaondo.

"Amayi," anatero, "ngati amuna anu ali pafonipo, akuyendetsayu ndani?"