Gudumu Lomwe Linapha Elstob

Nthawi inali 7:20 m'mawa wa Lachiwiri, pa 13 Novembala 1894, pamene Insipekitala Cuthbert Hepple analowa m'shedi yoyeseramo mainjini pa fakitale ya Thirlwell ku Walker, m'mbali mwa mtsinje wa Tyne. Nthunzi inali isanathe kutuluka. Septimus Elstob, mkulu woyesa mainjini, anali gone chagada, chibenthu cha chitsulo chitamuboola chifuwa. M'dzanja anali atagwirabe ndodo yamtengo.

Injini yake inali yamtundu watsopano, gudumu lamapiko ambirimbiri lozunguzidwa ndi nthunzi pa liwiro loopsa. Gudumulo linali litaphulika. Zaka makumi awiri za upolisi zinali zitamuumitsa mtima Hepple, komabe ndodo ija inamumvetsa chisoni.

"Ndodoyi ndi ya chiyani?"

Amene anayankha anali Aubrey Jalland, amene anajambula mapulani a injiniyo, bambo waukhondo wamagalasi. "Amamvetsera nayo injini. Nsonga ina pachitsulo, ina kukhutu. Ena amabisala kuseri kwa matumba amchengawa, koma iye ankaima pompa. Gudumu langa linalibe vuto, Insipekitala. Wina watsegula nthunzi mopyola muyeso. Mufunseni Purvis, dzulo lomweli wamuopseza."

Pofika 10 koloko, Enoch Purvis, wotsegula mpopi wa nthunzi, bambo wa ana asanu, anali m'chipinda chofunsira mafunso kupolisi. Hepple anakhala moyang'anana naye.

"Unanena kuti umuthyola khosi?"

"Ndinanena, bwana. Ananditcha chidakwa pagulu. Kuno ku Walker sananenepo mawu amenewo ndani?"

"Oweruza saseka nawo mawu otero, Purvis. Mathero ake ndi chingwe."

"Ndinapotokola mpopi kawiri basi, ngati masiku onse! Ndipo ndikanatsegula wonse, pali kachitsulo kamene kamagwa kokha n'kutseka nthunzi gudumu likathamangitsa. Lero sikanagwe. Bwanji simukufunsa zimenezo?"

"Kuseri kwa matumba munali angati?"

"Atatu. Ine, Dodds wa malasha, ndi a Jalland." Kenako Purvis anawonjezera: "Koma a Jalland nthawi zonse amaima pambali pa Elstob ndi wotchi yawo, kuwerenga liwiro. Lero anali nafe."

Mkulu wa polisi ankafuna mlandu wa Purvis ulembedwe dzuwa lisanalowe. Chidakwa choopseza anthu, mtembo pamwamba pake, kwa iye nkhani inali itatha. Mabwana amakonda mlandu wosatopetsa miyendo. Hepple anapempha maola asanu.

Masana anapita kwa mkazi wa malemuyo. Tiyi anali atazizira patebulo.

"Loweruka anabwera osafuna kudya," anatero mayi Elstob. "Akuti gudumu likulira ngati mbale yong'aluka. Akuti Lachinayi eni sitima zapamadzi ofuna kuigula akabwera kudzaiona injiniyo, awauza chilungamo."

"Anauzako wina, mayi?"

"Anati mwini gudumu wamva kale, ndipo sanakondwe."

Pa 2:15 Hepple anabwerera kushedi ndi makaniko wa fakitale ina. Atamasula chivindikiro cha kachitsulo kotseka nthunzi kaja, anapeza kachidutswa ka pensulo katakanikizidwa pansi pake kuti kasagwe. Hepple anakatembenuza m'manja. Nsonga yake sinali yozungulira, inali yaphwathalala ngati tchizulo.

Anazungulira fakitale yonse. Amisiri ankalemba pachitsulo ndi choko, palibe ndi mmodzi yemwe anali ndi pensulo. Atakwera kuchipinda chojambulira mapulani, anapeza mapensulo onse atasongoledwa mwaphwathalala chomwecho, kuti mzere uzituluka wopyapyala. Ojambula analipo atatu, koma mwa iwo amene anali ndi kiyi wa shedi anali Jalland yekha.

Pa 4 koloko Jalland anakhala pampando womwe Purvis anakhalapo. Hepple anaika kachidutswa kaja patebulo.

"Purvis amasongola pensulo chonchi?"

Jalland anakayang'anitsitsa kachidutswako, Hepple n'kupitiriza.

"Zaka zinayi mwakhala mukuima pambali pa Elstob. Lero munabisaliranji?"

"Ndinali ndi chimfine."

"Chimfine chimachira ndi matumba amchenga? A Jalland, munthu wa ana asanu apachikidwa chifukwa cha pensulo yanu."

Jalland anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala pa gudumu limenelija," anatero motsitsa mawu. "Mapiko ake ndinawajambula limodzilimodzi. Kenako munthu wosaphunzira masamu aike ndodo kukhutu, basi, akuti lang'aluka! Eni sitima akanakhulupirira khutu lake, osati mapepala anga. Likaphulika chifukwa cha liwiro, wolakwa ndi wa pampopi, mapulani n'kukhala oyera. Pensuloyo ndinaiika 6 koloko isanakwane. Ndinapotokolanso mpopi wachiwiri kuseri kwa boyila yopangira nthunzi."

"Munkadziwa kuti Elstob aima pomwepo."

"Ndinkadziwa."

Hepple anaimirira n'kutulutsa unyolo. Kenako anaitana wapolisi wa pakhomo. "Kamutsegulire Purvis azipita kwawo."

"Insipekitala," anatero Jalland, maso akuwala modabwitsa. "Ndinawerenga pawotchi ndili kuseri kuja. Linapirira mphindi zinayi zathunthu kupyola muyeso. Gudumu long'aluka silikanatha ndi mphindi imodzi yomwe. Elstob anamva molakwika. Gudumu langa linali labwino!"

Hepple anamuyang'ana kwa kanthawi.

"Ndiye kuti Lachinayi likanazungulira bwinobwino pamaso pa eni sitima," anatero. "Mwamuphera chabe."

Jalland anayang'ana unyolo uja. Anangotambasula manja.