Dzina la Apongozi pa Loko Watsopano

Ine ndimakankha ngolo ya zochapa pa hotela ina mu mzinda uno wa Keelung. Sukulu ndinaithawa, nayonso sinandifunefune. Madzulo amenewo mvula inkagwa monga mwa nthawi zonse, ndipo a Kuo, mkulu woona za makompyuta, ankamaliza kuika maloko atsopano otsekula ndi khadi. Ntchito amaidziwa a Kuo. Mafoni, makamera, intaneti ya alendo, zonse zimawamvera. Chinatsala chitseko chimodzi, chakumapeto, cha chipinda chimene sitigonekamo mlendo.

"A-Tiong, dzandigwirire tochi," anatero.

"Bwana, uno ndi mwezi wa mizimu. Akufa, eni chipinda, ali patchuthi, akuyendayenda pakati pathu."

"Siya zamkutuzo, tiye."

Ndinavomera, cholinga ndikawaopseze polira ngati mphaka. Mpata sindinaupeze. Titangolowa, chitseko chinadzitseka chokha.

A Kuo anapotoza chogwirira. Chinangozungulira. Foni yawo, netiweki palibe. Foni ya m'chipindamo, zii. Zenera ndi lija losatseguka. Makina oziziritsa anayamba okha, mpweya wake ukununkha lubani.

Anatsegula kompyuta yawo atakhala pansi.

"Ikuti chipinda chino chatengedwa, koma mlendo alibe dzina. Loko satseguka mpaka tilembe amene agone muno."

"Pekani dzina."

Anapeka. Inakana. Anapekanso. Inakana.

Ku bafa madzi anayamba kutuluka. Sitinayang'anane.

"Lembani lanu, bwana. Ophunzira amatsogola."

"Ndili ndi ana aang'ono, chitsiru iwe!"

"Nanga ine? Mkazi wanga azilalatira ndani?"

Madzi aja anasiya. Tinamva mapazi onyowa pa kapeti. Tswa, tswa. Ndinaunika ndi tochi: palibe munthu. Koma matiresi anabonyeka pang'onopang'ono, monga achitira munthu wonenepa akakhalapo. Pilo anasuntha.

Apa mutu wangawu unagwira ntchito.

"Lembani Lai Gim-hong."

"Ndani ameneyo?"

"Apongozi anga. Anamwalira kalekale, chingawaonekere n'chiyani? Ndiponso ankandinyoza kuti sindinawagonekepo mu hotela."

A Kuo analemba. Loko anayaka nyali yobiriwira. Tinatuluka tikupondana, bwana patsogolo.

M'mawa mwake foni ya kochapira inalira. Pagalasi panaoneka nambala ya chipinda chija.

"Iwe A-Tiong, matawulo ano ndi olimba ngati chikumba. Mwana wanga anakwatiwa ndi ulesi."

Mawu amenewo sindingawasokoneze ndi a wina.

A Kuo anayesa kufufuta dzinalo, kompyuta inakana. Anadula waya, foni inalirabe. Anaitana anthu a kampani ya maloko, iwo anati zonse zili bwinobwino, mlendo wanu sanatuluke basi. Amayi okonza m'zipinda amanong'onezana kuti malowo sakhala opanda munthu. Wina akafuna kuchoka, amasiya wina.

Apongozi akaimba ndinkangoyankha kuti pepani amayi, chabwino amayi, mpaka dzulo.

"A-Tiong," anatero mokoma, zimene sanachitepo ali moyo. "Bambo amene ndinawapeza muno ndi aulemu kwambiri. Andiphunzitsa kulemba pa kompyuta. Akuti akutuluka Lachisanu, ndipo bedi lino ndi la anthu awiri."

"Amayi, mwana wanu atsala ndi ndani?"

"Apumule, wavutika mokwanira."

Lero ndi Lachinayi. A Kuo sakuyankha foni.